Mafunde a Zicatela ku Puerto Escondido: mafunso ndi mayankho

Kanema wa munthu akutsetsereka mkati mwa funde lalikulu la ku Zicatela akangoyenda m'mafoni, mafunso amene amabwera amakhala omwewomwewo. Ena amafunsa chifukwa chodabwa chabe, ena amasewera kale pa mafunde ndipo mtima ukuwauza kuti akayese. Tawaika pamodzi pano, kuyambira osavuta mpaka a anthu amene thabwa ali nalo kale.

Kodi Zicatela ndi kuti?

Ndi gombe la mchenga la m'tauni ya Puerto Escondido, m'chigawo cha Oaxaca kumwera kwa dziko la Mexico, m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 3. Layang'ana kumwera chakumadzulo, ndipo kutsogolo kwake kulibe chilumba kapena matanthwe oti n'kufooketsa madzi asanafike kumtunda. Osewera pa mafunde analitcha Mexican Pipeline poliyerekeza ndi Pipeline ya pachilumba cha Oahu ku Hawaii, pakuti konse kuwiri funde limapindika n'kusiya mphako yaikulu mkati mwake. Koma ku Hawaii pansi pa madzi pali matanthwe, pamene ku Zicatela pali mchenga wokhawokha.

Masewerawa amayenda bwanji? Munthu amaima bwanji pa madzi?

Amagona chafufumimba pa thabwa lopepuka, lomwe mkati mwake ndi fomu youma ndipo kunja analikuta ndi fiberglass. Amapalasa ndi manja mpaka kuseri kwa malo amene mafunde amasweka, n'kukhala tsonga pathabwapo kudikira. Funde lomwe walisankha likamayandikira, amatembenukira kumtunda n'kupalasa ndi mphamvu zake zonse kuti liwiro lake lifanane ndi la fundelo. Likangomunyamula amadzambatuka kamodzin'kamodzi, mapazi onse pathabwa, n'kutsetsereka. Sapita molunjika kumtunda. Amakhotera chammbali, kuthawa mbali imene yasweka kale.

Ku Zicatela anthu sapitako kukachita timatsenga tokhotakhota. Chimene akufuna n'chimodzi: kulowa m'mphako ija, funde n'kuwaphimba osaonekanso kwa oonerera, kenaka n'kutulukira kumapeto ali chiimire. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, ndipo funde likamatseka limalavula nthunzi ya madzi kukamwa kwa mphakoyo, nthawi zina pamodzi ndi munthuyo.

Mukamati funde la pamchenga mukutanthauza chiyani? Si mafunde onse amafika pamchenga?

Nkhani ili pa chimene chili pansi pamalo amene funde likuswekera. Pali mafunde osweka pa matanthwe kapena makorali, pali ena osweka motsatira kanthaka kolowa m'nyanja, ndipo pali osweka pa milu ya mchenga ya pansi pa madzi. Tanthwe silisuntha. Funde la patanthwe limayambira pamodzimodzi chaka ndi chaka, kotero munthu amaliphunzira, ndipo kawirikawiri pambali pake pamakhala khwawa lakuya lomwe mafunde sasweka, lothawirako.

Mchenga ulibe khalidwe limenelo. Mulu umene dzulo unali kutsogolo kwa lesitilanti inayake, lero mupeza wasendera mamita 50, kapena wagawika pawiri. Funde lina lisweka pano, lotsatira lisweka uko, lachitatu ligwa lonse nthawi imodzi kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Osewera ali ndi mayina a malo odziwika pagombeli, monga Carmelita's ndi Far Bar, koma mayinawo amangosonyeza dera, sakulonjeza kuti funde lidzayambira penipeni pomwe linayambira sabata yatha. Malo otetezeka okhalapo n'kumaonerera uli m'madzi, kulibe.

Koma mchenga ndi wofewa. Choopsa n'chiyani?

Funso ili ndi limene lavulaza anthu ambiri. Mchenga wofewa ndi wouma uja mumapondapo kumtunda. Wa pansi pa madzi ndi wonyowa, wotsendereka, ndipo munthu akaumenya ndi mutu pa liwiro, sumira ngakhale pang'ono.

Onjezanipo kulemera kwa madziwo. Madzi a m'nyanja yamchere okwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu amalemera makilogalamu opitirira pang'ono 1,000. Mlomo wa funde la ku Zicatela, kutanthauza mbali ya pamwamba imene imaponyedwa kutsogolo, umatha kukhuthala kuposa mita, ndipo umagwera pa madzi osaya. Ukakugwerani pamsana umakukhomererani pansi mwachindunji. N'chifukwa chake kuvulala kwa kumeneko sikukhala kwa mabala ong'ambika monga kwa pamakorali. Ndi khosi, msana, mapewa oguluka, mawondo, nthiti, ndi makutu oboola mkati. Pa tsiku la mafunde aakulu, munthu amene waima pamsewu wa m'mbali mwa gombe amamva kugunda kwake m'mapazi.

Mafunde amenewa amachokera kuti, poti m'makanema kumaoneka kuli dzuwa ndi bata?

Amabadwira kutali kwambiri. Amene anaonapo nyanja ya Malawi nthawi ya mwera amadziwa mafunde obadwira pomwepo: mphepo ili pamutu panu, mafunde ali othithikana, lina pamsana pa linzake, ndipo mphepo ikagona nawonso amagona. A ku Zicatela si a mtundu umenewo. Amapangidwa ndi namondwe wa m'nyengo yozizira kumwera kwenikweni kwa nyanja ya Pacific, chakum'mawa kwa New Zealand ndi kufupi ndi Antarctica, kumene mphepo imaomba masiku angapo pa dera lalikulu la madzi popanda chotchinga. Namondweyo amatha, koma mphamvu imene waika m'madzi imapitirira ulendo wa makilomita pafupifupi 9,000 kapena 10,000, womwe umatenga sabata imodzi kapena kupitirirapo.

M'njiramo mafunde amadzisankha. Ang'onoang'ono osokonekera amafera panjira, otalikirana amatsogola. Akamafika ku Mexico amabwera m'mizere yoongoka, m'magulumagulu, ndipo pakati pa funde ndi linzake pamapita masekondi 15 mpaka 20. Nambala imeneyi ndiyo akatswiri amayang'ana poyamba pa zolosera, asanaone n'komwe msinkhu. Funde la masekondi 17 lili pakati pa nyanja limatalika mamita pafupifupi 450 kuchokera pansonga yake kufika pansonga ya linzake, ndipo limagwedeza madzi mpaka kuya kwa mamita oposa 200. Pamwamba likhoza kuoneka laling'ono, koma madzi amene likuyendetsa ndi ochuluka zedi, ndipo onsewo ayenera kupita penapake akakumana ndi gombe.

Ubwino wake ndi woti mafunde otere amaoneka pa makompyuta olosera masiku angapo asanafike. Ndi chifukwa chake akatswiri ochokera ku California, Hawaii, Brazil ndi South Africa amatera pabwalo la ndege la Puerto Escondido tsiku limodzi, onse ndi zikwama zazitali za matabwa.

Nanga bwanji amakula pa Zicatela, pomwe magombe ena oyandikana nawo ali phee?

Ndi maonekedwe a pansi pa nyanja. M'madera ambiri a dziko lapansi, nthaka ya pansi pa madzi imatsetsereka pang'onopang'ono kwa makilomita ambiri, ndipo funde limakhuzika pansi n'kutaya mphamvu lisanafike. Ku gombe la Oaxaca madzi akuya ali pafupi kwambiri ndi mtunda, pakuti chigwa chachikulu cha pansi pa nyanja chotchedwa Middle America Trench chimadutsa cha komweko. Kuonjezera apo, kutsogolo kwa Puerto Escondido kuli khwawa la pansi pa madzi limene limakhotetsa mafunde n'kuwasonkhanitsira pa Zicatela. Choncho funde limafika lisanatope, n'kukumana ndi mchenga wosaya mwadzidzidzi. Pansi pake pamachedwa, pamwamba pamapitirira ndi liwiro, ndiye limadzuka chiriri n'kudziponya kutsogolo. Magombe a mkati mwa tauni, monga Playa Principal ndi Carrizalillo, ndi timagombe totchingidwa ndi miyala, n'chifukwa chake kumeneko ana amasambira tsiku lomwelo.

Amakula kufika pati?

Tsiku wamba m'nyengo yake, nkhope ya funde, kutanthauza khoma lake loyang'ana kumtunda, imatalika mamita 2 kapena 3. Tsiku lalikulu imafika 6 mpaka 8. Kamodzikamodzi imapitirira mamita 10, monga zinachitikira mu Meyi 2015, pamene Mark Healey wa ku Hawaii anapalasira ndi manja funde limene ambiri amaliwerengera pakati pa aakulu kwambiri amene munthu anakwerapo pagombeli.

Chenjerani ndi manambala a osewera okha. Ambiri amayeza m'mafiti, ndipo amatsatira chizolowezi cha ku Hawaii chochepetsa msinkhu pafupifupi ndi theka. Wina akakuuzani kuti lero kuli mafiti 6, mukhoza kukapeza khoma lotalika kuwirikiza msinkhu wanu. Komanso musaganize kuti tsiku laling'ono ndi lofatsa. Masiku a mamita 2 ndi amene amathyola matabwa ndi makosi ambiri, chifukwa funde limaswekera pafupi ndi mtunda pa madzi ofika m'chiuno, ndiponso ndi tsiku limene alendo amalimba mtima.

Nyengo yake ndi iti, ndipo nthawi yanji ya tsiku?

Mafunde aakulu amabwera kuyambira cha mu Epulo kapena Meyi mpaka Sepitembala kapena Okutobala, nthawi imene kumwera kwa dziko lapansi kukuzizira. Ndi nyengo ya mvula ku Oaxaca. Kuyambira Novembala mpaka Malichi nyanja imachepa mphamvu, ngakhale siigoneratu.

Pa tsiku, nthawi yake ndi m'mamawa. Usiku mtunda umazizira, ndipo mbandakucha kamphepo kamaomba kuchokera kumapiri kupita kunyanja. Kamphepo kameneka kamasalaza nkhope ya funde ndi kugwira mlomo wake kuti mphako ikhale yotseguka. Dzuwa likakwera, cha m'ma 10 kapena 11 koloko, mphepo imatembenuka n'kumachokera kunyanja, ndipo mafunde amasanduka chipwirikiti. Nthawi zina madzulo kumadekhanso. Madzi ake ndi ofunda chaka chonse, pafupifupi madigiri 27 mpaka 30, kotero zovala zochindikala za m'madzi ozizira sizifunika.

Ine sindisewera, ndikungofuna kusambira. Zikutheka?

Ayi, osati pa Zicatela. Mbendera zofiira zimene mudzazione pagombepo si zokongoletsa. Anthu ambiri amene opulumutsa amawavuula si osewera pa mafunde, ndi alendo amene analowa kufika m'mawondo kuti ajambulitse, ena atamwako mowa. Gombelo ndi lotsetsereka kwambiri. Funde likakwera kumtunda, madzi obwerera amakumba mchenga pansi pa mapazi anu, mumagwa, ndipo lotsatira limakupezani muli pansi. Pitani ku Carrizalillo, Puerto Angelito kapena Manzanillo. Pa Zicatela khalani pouma, khofi m'manja, muonerere.

Madzi okoka akanditenga ndichite chiyani?

Mafunde amaunjika madzi ambiri kumtunda, ndipo madziwo amabwerera kunyanja podzera m'mipata ya pakati pa milu ya mchenga, ngati mtsinje wopapatiza. Pooneka amakhala akuda kapena a matope, ndipo pamenepo mafunde sasweka kwambiri, ndiye osadziwa amaganiza kuti ndi pabwino polowera. Liwiro lake limatha kupitirira mamita 2 pa sekondi, lomwe ngakhale wosambira wa mpikisano sangalimbane nalo.

Madziwa sakumizani, amangokutengerani kutali. Chimene chimapha ndi kutopa polimbana nawo. Yandamani chagada, pumani, kwezani dzanja limodzi kuti a kumtunda akuoneni. Ngati mphamvu zilipo, sambirani chammbali motsatira gombe kufikira mutatuluka m'mtsinjewo, kenaka lolani thovu la mafunde likukankhireni kumtunda. Ngati muli ndi thabwa, musalisiye. Ndipo mukaona mnzanu watengedwa, musamutsatire chimanjamanja. Itanani opulumutsa, muponyereni choyandama.

Ndakhala ndikusewera pa mafunde zaka zingapo. Ndidziwa bwanji kuti ndafikapo?

Zaka sizinena zambiri. Alipo amene asewera zaka 15 pa mafunde ofatsa ndipo sanagwerepo m'mphako yeniyeni. Dzifunseni izi moona mtima. Kodi mwazolowera kudzambatuka pa funde loima chiriri, pamene thabwa likugwa m'malere mapazi anu asanakhazikike? Kodi munalowapo m'mphako kambirimbiri kwina, kumanja ndi kumanzere komwe, mpaka kudziwa pothawira ikamatseka? Thabwa litaduka muli mamita 200 kuchokera kumtunda, kodi mungabwerere nokha kudutsa m'mafunde osweka popanda kuyembekezera munthu? Mukayankha "mwina" pa limodzi mwa amenewa, yankho ndi ayi.

Pali chinanso chimene sichioneka m'makanema, ndipo kwa ife ndicho chachikulu: kutha kukana funde. Onani funso lotsatira.

N'chifukwa chiyani akatswiri amangokhala m'madzi nthawi yaitali osakwera kanthu?

Chifukwa mafunde ambiri a ku Zicatela ndi msampha. Amadzuka mokongola, koma amagwa onse nthawi imodzi, opanda khomo lotulukira. Kanema wa masekondi 10 amene mwaona ndi wosankhidwa pa m'mawa wonse, ndipo mwina pa sabata yonse.

Muziyang'ana munthu wa komweko amene wakulira pagombeli. Gulu la mafunde likubwera, loyamba alilola lidutse, lachiwiri alipalasira pang'ono, asuzumira m'munsi, n'kubweza thabwa. Mlendo ali pambali pake akudabwa kuti funde labwino chotere walisiyiranji, alithamangira, ndipo masekondi atatu otsatira thabwa lake latuluka m'thovu lili zidutswa ziwiri. Wa komweko uja anaona zimene mlendo sanaone: phewa la funde, mbali ija isanasweke, linali lalitali mofanana mpaka kumapeto m'malo motsika, madzi okoka anali atadula nkhope yake pakati, kapena madzi obwerera kuchokera kumtunda anali pafupi kuligunda. Munthu akhoza kukhala maola atatu n'kukwera mafunde awiri, n'kutuluka ali wokhutira. Amene amakwera khumi pa ola limodzi nthawi zambiri sakhalitsa nyengo yonse ali wamphumphu.

Palinso nzeru ya kusatenga funde loyamba la gulu pa tsiku lalikulu. Mukagwa pa loyamba, onse otsatira akugwerani pamutu.

Munthu akagwa, chimachitika n'chiyani pansi pa madzipo?

Choyamba ndi kumenyedwa, kaya ndi mlomo wa funde kaya ndi nkhope ya madzi imene pa liwiro limenelo imakhala youma gwa. Kenaka funde limakukwezani n'kukuponyaninso kachiwiri pamodzi ndi mlomo wake. Pansipo ndi mdima, chifukwa madzi asakanikirana ndi mchenga. Simudziwa kumwamba ndi kuti. Manja ndi miyendo zimakokedwa mbali zosiyana, ndipo thovu silinyamula munthu, kotero kupalasa sikuthandiza mpaka litachepa. Mukatuluka mchenga uli m'makutu, m'mphuno, m'zikope, ndipo umatuluka pa pilo masiku awiri otsatira.

Nthawi zambiri zimatenga masekondi 10 mpaka 15. Pakama aliyense angagwire mpweya nthawi imeneyo. Koma apa mtima ukugunda kwambiri chifukwa chopalasa, ndipo mwina mpweya unatuluka kale pomenyedwa paja. Choopsa kwambiri ndi pamene funde lachiwiri lafika musanatulutse mutu.

Odziwa amachita zochepa: amakulunga mikono kumutu ndi kukhosi, amadzipinda, amalekerera thupi osalimbana, ndipo salumphira chamutu pogwa. Amene amaphunzira kugwira mpweya m'damu losambiramo asachite yekha. Munthu amakomoka m'madzi popanda chenjezo lililonse, ndipo osambira amphamvu afa motero m'madzi ofika pachifuwa.

Ndi thabwa lotani loyenera, ndipo nditenge angati?

Lalitali ndi lochindikala kuposa la masiku onse, lakuthwa kumchira kuti ligwire pa khoma loima. Masiku apakatikati anthu amagwiritsa la mafiti 6 ndi theka mpaka 7 ndi theka. Masiku aakulu amatulutsa aatali aja amawatcha gun, a mafiti 8 mpaka 10, omwe ndi pafupifupi mamita 3. Kutalikako n'kofuna kulowa m'funde msanga lisanaime. Uzani wopanga kuti ndi la ku Puerto, akute fiberglass yochindikala.

Limodzi silikwana. Zicatela imadya matabwa, moti kukonza oduka ndi ntchito imene imadyetsa mabanja m'tauniyo, ndipo mudzaona anyamata akuyenda pagombe atanyamula theka kukhwapa uku theka linalo akulifunafuna m'thovu. Ogulitsa akale aliponso ambiri. Musanagule yendetsani chala pakati pake, mumve ngati linalumikizidwapo.

Chingwe cha kumwendo ndimange kapena ayi? Ndamva kuti ena samanga.

Apa akatswiri omwe sagwirizana. Osamanga amati thabwa lomangidwa limakhala nawe m'chipwirikiti chija, likhoza kubwerera kumaso ngati lakokedwa ndi mphira, limaduka msanga, ndipo chingwe chikhoza kukulunga mwendo kapena khosi. Omanga amati munthu akakomoka, thabwa loyandama pamwamba ndilo limasonyeza opulumutsa pamene ali, ndiponso ukasokonezeka pansi umakwera chingwecho kuti upeze kumwamba.

Maganizo athu ndi akuti mlendo amange, chochindikala, chatsopano, chokhala ndi pomasulira msanga. Amene amasewera popanda chingwe ndi anthu oti kusambira kuchokera kuseri kwa mafunde a mamita 5 ndi chinthu chimene achita kambirimbiri pagombe lomwelo.

Nanga majekete opopa aja?

Alipo a mitundu iwiri. Ina ndi ya fomu, yoteteza nthiti ndi kuyandamitsa pang'ono. Ina ili ndi timabotolo ta mpweya wa carbon dioxide. Ukakoka kachingwe imafufuma n'kukukwezera pamwamba. Yachiwiriyi inafala Shane Dorian wa ku Hawaii atatsala pang'ono kumira ku Mavericks, California, mu 2010, n'kuyamba kugwira ntchito ndi opanga zovala za m'madzi kuti aipange. Yapulumutsa anthu, palibe wotsutsa. Koma siteteza khosi, ndipo munthu wokomoka sakoka chingwe. Vuto lina ndi loti yapatsa anthu ena mtima wolowa m'mafunde amene sakanayerekeza popanda iyo. Za timabotolo, funsani kampani ya ndege musananyamuke, malamulo ake amasiyana.

Amalowa bwanji m'madzi mafunde ali otero, ndipo amatuluka bwanji?

Masiku apakatikati amaima m'mphepete kuwerenga magulu a mafunde, ndipo lomaliza likangosweka amathamanga n'kudziponya, kawirikawiri podzera m'madzi okoka omwe aja, amene kwa wodziwa ndi galimoto yaulere. Masiku aakulu ambiri sayesa n'komwe kudutsa kutsogolo. Amakalowera ku doko la asodzi chakumpoto, kumene madzi ndi odekha, n'kupalasa ulendo wautali kuzungulira kuseri.

Kutuluka kulibe njira yaulemu. Umakwera funde, kapena umagona pathabwa n'kulola thovu likukankhe. Malo oipa ndi apakati, pamene mlomo umagwera. Osazengereza pamenepo, pita kunja kapena pita kumtunda.

Pali malamulo pakati pa osewera?

Alipo, osalembedwa. Amene ali pafupi kwambiri ndi pamene funde layambira kusweka ndiye mwini fundelo. Kumulowerera kutsogolo kwina kulikonse ndi mwano chabe, koma pano kukhoza kumupha, chifukwa mumamutsekera khomo ali m'mphako. Eni dera amayamba ndiwo, ndipo pakati pawo pali ambiri osewera chogona pa timatabwa tatifupi, amene amalowa mozama kuposa oimirira, musawaderere. Puerto yatulutsa akatswiri ake odziwika dziko lonse, monga Coco Nogales.

Musanalowe tsiku loyamba, pitani pa nsanja ya opulumutsa, amene kumeneko amawatcha salvavidas. Apatseni moni, "buenos días", muwafunse mmene mchenga wakhalira sabata imeneyo. Safunsa anadya phula. Akakuuzani kuti lero si lanu, musakangane nawo, pakuti ndi iwowo adzalowe kukakutengani. Ndipo wina akavulala, masewera amaima, aliyense amathandiza.

Kodi anthu amafadi kumeneko?

Inde. Mu Meyi 2010 Noel Robinson, wa ku California, amene ankalidziwa bwino gombeli ndipo anali katswiri wa mafunde aakulu, anamira pa Zicatela. Si iye yekha, ndipo ena anapulumuka koma sayendanso. Pa masiku aakulu tsopano pamakhala ma jet ski, njinga zamoto za pamadzi, othamangira ogwa, koma jet ski siilowa pamene mafunde akugwa motsatizana. Imadikira mpata, ndipo mpatawo ukhoza kuchedwa.

Nanga shaki ndi ng'ona?

Si zimene osewera a ku Zicatela amagona akuganiza. Ng'ona zilipo m'madambo ndi m'matamanda a m'mphepete mwa gombe la Oaxaca, monga ku La Ventanilla, kotero musasambire pa mathiriro a mitsinje, makamaka mvula ikagwa.

Pamachitika mipikisano? Wa ku Africa anapambanako?

Inde. Bungwe la World Surf League linachititsa mpikisano wa mafunde aakulu wotchedwa Puerto Escondido Challenge. Mu Juni 2016 anapambana ndi Grant Baker, amene amadziwika kuti Twiggy, wa ku Durban ku South Africa, ali ndi zaka zoposa 40, ndipo nyengo yomweyo anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa mafunde aakulu. Mu 2017 anapambana Kai Lenny wa pachilumba cha Maui ku Hawaii. Mipikisano yotere ilibe tsiku lokhazikika. Okonza amaika miyezi ingapo yodikira, ndipo zolosera zikasonyeza mafunde okwanira amaitana opikisana kutatsala masiku awiri kapena atatu.

Ndiye woyamba kumene aphunzire kuti?

Ku Puerto komweko, aphunzitsi amatengera ophunzira ku Carrizalillo, kagombe kotsikira masitepe ambirimbiri. Amene wadziwako amapita ku La Punta, kumapeto kwa Zicatela chakumwera, kumene funde limasweka motsatira miyala kulowera kumanzere, mofatsirapo, ngakhale kumadzaza anthu ndipo nakonso kumalusa mafunde akakula. Kwa amene muli ku South Africa, simufunika tikiti ya ku Mexico kuti muyambe: Muizenberg ku Cape Town ndi magombe a m'tauni ya Durban ali ndi sukulu zophunzitsa ndi matabwa obwereka. Kusambira kuyambe, thabwa pambuyo.

Akuti funde la Zicatela likusintha. N'zoona?

Osewera akale a komweko amatero, ndipo akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti mafunde otseka achuluka kuposa kale. Amaloza chala khoma la miyala limene linamangidwa ku doko, kuti linasokoneza kayendedwe ka mchenga, komanso nyumba ndi mahotela omangidwa pa milu ya mchenga ya kumtunda, imene kale inkabwezera mchenga kunyanja. Popeza funde lonse limadalira mmene mchenga wagonera (onani funso lachitatu), chilichonse chokhudza mchenga chimakhudza funde. Mtsinje wa Colotepec, umene umathira m'nyanja kuseri kwa La Punta, umabweretsa mchenga watsopano nthawi ya mvula, ndipo anamondwe monga Agatha, amene anagunda gombe la Oaxaca mu Meyi 2022, amasuntha wambiri usiku umodzi.

Tauni nayo ikukula mothamanga. Msewu watsopano wochokera mumzinda wa Oaxaca, umene unatsegulidwa mu 2024, unadula ulendo wa maola 6 kapena 7 wa m'mapiri kufika pafupifupi maola atatu, ndipo alendo achuluka, pamodzi ndi mavuto a madzi akumwa ndi zonyansa za m'masuweji.

Ndatsimikiza zopita. Ndikonzekere chiyani kupatula matabwa?

Inshuwalansi, ndipo muwerenge timalemba tating'ono. Makampani ambiri a inshuwalansi ya paulendo salipira ngozi ya masewera amene amawaika m'gulu la oopsa, pokhapokha mutaonjezera ndalama. Onetsetsani kuti ikuphatikiza kunyamulidwa pa ndege, chifukwa wovulala msana kapena mutu kwambiri angafunike kupita naye ku Oaxaca kapena ku Mexico City. Pitani ndi mnzanu wodziwa kutsitsimutsa munthu womira, mugwirizane kuti wina akakwera funde, winayo aziyang'ana mpaka mutu utatuluka. Masiku awiri oyamba ingoonererani kuchokera kumtunda nthawi ya m'mawa, muone pamene odziwa akulowera ndi mafunde amene akuwakana. Nambala ya zangozi ku Mexico ndi 911.